Denga la ku Phulusa

Pamalire a Mwanza ntchito yaikulu ndi kudikira. Madalaivala a mathiraki amadikira mapepala, mapepala amadikira chidindo, chidindo chimadikira netiweki, ndipo amayi ogulitsa manachesi amakhala m'mbali mwa msewu kudikira kuti onsewo ludzu liwagwire. Mmodzi mwa amayi amenewa anali Iness, mkazi wa kwa Nthache, wamfupi, wosachedwa kuseka komanso wosachedwa kupsa mtima.

Mwamuna wake, Faustino, anali mmodzi mwa maejenti aja amathamanga ndi mafayilo kuchokera pa thiraki kupita pa windo la amsonkho. Iyeyu anabadwira kutsidya, ku Mozambiki, ndipo anawoloka ali kamwana nthawi ya nkhondo. Za nkhondoyo sankanena. Ukamufunsa ankangoti, "Zinapita zimenezo," n'kuyambitsa nkhani ya mpira.

Anakwatirana mwa chikamwini, monga amachitira kwawo kwa Iness. Akuluakulu anamulozera Faustino malo kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, iye n'kuumba njerwa, kuwotcha, makoma n'kukwera mpaka kupitirira mawindo. Anathera pomwepo. Mvula inabwera, inapita, inabweranso, denga osaoneka. M'chipinda chimene Iness anasankha kuti chidzakhale chogona munamera bonongwe, ndipo mbuzi za amayi ake zinkausa mumthunzi wa makomawo. Awiriwo ankachita lendi kachipinda pafupi ndi malire, mwana wawo Rozina ali kumudzi ndi agogo ake chifukwa cha sukulu. Iness akatchula za malata, Faustino ankayankha mosakweza mawu, "Tifolera, mayi a Rozina. Nyumba sithawa."

Ndiye kunabwera gemu.

Anabwera nayo ndi dalaivala wina wochokera ku Joni, amene thiraki yake inakhalitsa pamalire chifukwa cha mapepala osokonekera. Posowa chochita, anaiika mu foni ya Faustino n'kumuphunzitsa kasewereredwe kake. Dzina lake lachingerezi linali lalitali, lopinda lilime, choncho anyamata a pamalire anangoitcha Phulusa, poti zonse za m'menemo zinali zotuwa.

Masiku oyambirirawo Faustino ankafika pakhomo ngati munthu wochokera ku ulendo, nkhani zili pakamwa asanavule nsapato.

"Mayi a Rozina, kumeneko dziko linatha. Mabomba anagwa kalekale, mizinda yonse inapsa. Anthu otsala anabisala m'mapanga pansi pa nthaka, ndiye tsopano tatuluka. Umatuluka ulibe kanthu, ngakhale nsapato."

"Mwatuluka ndi yani?"

"Ndi anthu. Anthu enieni, aliyense ali ndi foni yake kwawo. Wina ali ku Brazil, wina ku Nairobi, koma tonse tikuyenda m'tchire limodzi. Ukakumana ndi munthu sudziwa ngati akugawira madzi kapena akuwombera."

"Ngati pamalire pano."

"Ayi, kumeneko kulibe malire. Kulibe amsonkho, kulibe chidindo, kulibe bwana. Ejenti kumeneko angafe ndi njala."

Iness anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Ndipo madandaulo a mwamunayo ankamukomera kuposa zotamandazo. Tsiku lina anabwera nkhope ili gwaa, ati galu wopanda ubweya, wamkulu ngati thole, anamupha chifukwa netiweki inathawa iye ali pa liwiro. "Munthu wanga anangoima njii ngati chitsa, galu n'kumadya mosafulumira, ine ndikuonerera." Tsiku lina anali kudandaula kuti chikwama chimadzaza msanga, ungotola zitini zingapo, mawaya ndi misomali, basi munthu akuyenda ngati wasenza thumba la simenti. Madzi ukamwa osaphitsa umadwala. Njala yake ndiye yosaneneka. "Wangodya kumene, akuti ali ndi njala. Ngati Rozina akaweruka kusukulu." Choopsa kwambiri, ati, ndi mvula. Mvula ya ku Phulusa ndi yobiriwira, imawotcha khungu, imazimitsa moto, imadya katundu. Wopanda pobisala sakhalitsa.

Iness anasuzumirapo kamodzi paphewa pake. Anaona msewu wokumbikakumbika, magalimoto opserera atandanda m'mbali mwake, thambo lofiirira ngati nthawi yotentha tchire. Panalibe tsamba ngakhale limodzi.

"Koma anthu inu," anatero. "Kusiya dziko labwinobwino, manachesi akupsa m'mitengo, n'kukadzitsekera kumanda."

Komabe sanaletse. Anaona kuti bola zimenezi kusiyana ndi amuna a anzake amene akaweruka amalowera ku mabala a pamalire. Wake anali pakhomo, pampando, pamaso pake.

Madzulo ena, Iness akutsuka mbale pakhonde, waya wa mahedifoni unathothoka mu foni, ndipo m'chipinda monse munamveka mawu a mkazi. Anali mawu otsika, osathamanga, oyankhula Chipwitikizi. Faustino anayankha m'chinenero chomwecho, kenako anaseka. Kunali kuseka kochokera m'mimba, kumene Iness anakumva komaliza ali pa chibwenzi.

"Ameneyo ndani?"

"Leila. Wa ku Beira. Timayenda limodzi. Mukakhala awiri agalu sakuvutani."

"Mumayenda limodzi."

"Mu gemu, mayi a Rozina."

"Ndamva."

Chipwitikizi cha Iness chinali cha pamsika, chongopatsana moni ndi kunenerera. Zimene awiriwo ankakambirana zinkamudutsa ngati madzi a m'ngalande. Ndipo kuyambira nthawi imeneyo nkhani za agalu zinasiya kumufika. Faustino sankabweranso ndi madandaulo, onse ankathera m'mahedifoni. Nthawi zina ankaseka. Koma chimene chinkamudya kwambiri Iness si kusekako. Panali madzulo ena pamene mwamunayo ankayankhula motsitsa, nthawi yaitali, osaseka, zala zili chete pa foni. Gemu yanji yosewera ndi pakamwa pokha? Iness ankapukuta mbale imodzi mpaka kuiwala kuti yauma kale.

Anamaliza kumuyatsa ndi Amelia, mnzake wogulitsa naye manachesi, wa ku Zobue, mkazi wa pakamwa posasunga kanthu.

"Asisi, mwafolera liti osatiitana?"

"Kufolera chiyani?"

"Dzulo ndadutsa amuna anu pamzere wa pa windo, foni ili kukhutu. Ndamva akuti nossa casa, nossa casa, mpaka kutchula malata. Ndinati eya, anzathu zawayendera."

"Nossa casa ndiye kuti chiyani?"

"Nyumba yathu." Amelia anasenda nachesi, n'kumuyang'ana cham'mbali. "Kapena si yanu?"

Madzulo ake Iness anadikira kuti mwamunayo adye, asambe m'manja. Kenako anakhala pambali pake, mawu atawafewetsa ngati mafuta.

"Bambo a Rozina, tandionetsani kumene mumakhala kumeneko."

Faustino anasangalala ngati mwana amene wafunsidwa za kagalimoto kake ka mawaya. Anayendetsa munthu wake kudutsa mlatho wakugwa, kukwera kamtunda, ndipo pamwamba pake panali nyumba. Sinali msasa ngati ya ena imene anaidutsa m'njira. Inali nyumba yoganiziridwa: khonde la mizati iwiri, chitseko choyang'ana kuphiri, mtengo wouma chakumanzere, mgolo wa madzi pakona. Pamwamba pake panali malata, adzimbiri inde, koma oyalidwa mwaluso, opanda pobowoka.

"Malatawa ndinakazula pa fakitale ina yakugwa, kutsidya kwa mtsinje," anatero monyadira. "Chikwama sichilola ambiri, ndiye ndinkasenza limodzilimodzi, agalu ali pambuyo."

"Kani malata mumatha kusenza."

Faustino sanamve, maso anali pa nyumba yake. Koma a Iness anali atagwera pena. Pakhomo pa nyumbayo moto unali kuyaka pakati pa miyala, kamphika kakuda kali pamwamba.

"Mafuwa awo anaika ndani?"

"Leila. Iye anasankha luso la zophika ndi mankhwala, ine la zomanga. Timagawana ntchito."

Kwawo kwa Iness mafuwa a nyumba yatsopano saika mlendo. Amaika mkazi mwini nyumba, ndipo moto woyamba amakoleza ndi iyeyo. Utsi umenewo ukakwera, mudzi umadziwa kuti pakhomopo pali mayi. Iness miyala yake anali atasankha kale kumtsinje, chaka chimene njerwa zinawotchedwa, yosalala, yolingana msinkhu. Inali kuseri kwa nkhokwe ya amayi ake, kudikira denga.

M'mawa mwake Iness anasiyira Amelia dengu la manachesi, n'kukwera kabaza wa kwa Nthache. Amalume ake, a Masauko, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo, anawapeza kuthengo akufotsera uvuni wa makala. Anagwada chapatali.

"Amalume, bambo a Rozina amanga nyumba kwina."

"Kuti?"

"Mu foni."

A Masauko anazika fosholo pansi. Anamuyang'ana kaye mwana wa mlongo wawoyo kuti aone ngati mutu uli bwino. Anaona maso ofiira, koma osasokonezeka.

"Yofolera?"

"Ndi malata."

"Mkazi alipo?"

"Waika kale mafuwa."

Anapukuta manja pa buluku. "Lamulungu tikaweruka kutchalitchi tikupezani. Ndiwatumira mawu a Osorio."

A Osorio anali nkhoswe ya kuchimuna. Sanali m'bale wa magazi wa Faustino, koma anali mnansi wa bambo ake kutsidya, ndipo ndi iwo amene anamuwolotsa malire atamugwira dzanja. Tsopano anali nkhalamba yosoka nsapato pansi pa mtengo pafupi ndi pamene mathiraki amaima. Faustino ankawatcha tiyu, kutanthauza amalume m'Chipwitikizi.

Lamulungulo dzuwa litapendeka pang'ono, akuluakulu awiriwo anakhala pa benchi pakhonde la kachipinda kaja, njinga ya a Masauko itatsamira khoma. Iness anakhala pamphasa, miyendo atatambasula, maso pansi. Faustino anakhala pa chigubu chopanda madzi, kumwetulira kukumuthawa m'milomo.

"Akuluakulu, mwavutika ulendo pachabe. Iyi ndi gemu, zoseweretsa. Nyumbayo kulibe."

"Kulibe," anatero a Masauko. "Ndiye mwana wathuyu anaona chiyani?"

"Chithunzi chabe, amalume."

"Tionetseni chithunzicho."

Faustino anatsegula gemu ija, n'kuyendetsa munthu wake mpaka pakamtunda. A Masauko anayang'ana nthawi yaitali, monga amayang'anira mtengo asanaudule. Anayamikira mizati kuti yaima bwino. Anafunsa ngati mgolowo umasunga madzi. Kenako anafunsa mofatsa.

"Akamwini, malowa anakupatsani ndani? Kuli amfumu kumeneko?"

"Kulibe amfumu. Munthu amangozika mbendera yake, malowo n'kukhala ake."

"Mbendera ndikuiona apayi ndi yanu?"

Faustino anakanda kumutu. "Ndi ya Leila. Anayamba kufika ndi iye. Ine ndinali kudambo, agalu osandipatsa mpata, ndiye anandiuza kuti ndibwere ndidzamange pa malo ake."

"Eya." A Masauko anabweza foni, n'kupinda manja. "Tiyeni tiziyale bwinobwino, mwina ine ndi wakumudzi sindikumva. Mkazi ali ndi malo ake. Wakuitanani, wakulozerani pomanga. Mwamanga, mwafolera. Iye waika mafuwa, wakoleza moto. A Osorio, kwanu zimenezi mumazitcha chiyani? Kwathu ndi chikamwini."

Faustino anaseka, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna womuthandiza kuseka. Sanapezeke.

"Amalume, munthuyo sindinamuonepo ndi maso. Mwina ndi gogo. Mwina ali ndi mwamuna wake."

"Inunso muli ndi mkazi wanu."

"Koma malata ake ndi abodza."

"Malata abodza, chabwino. Nanga madzulo onse aja munkawasenza, nawonso anali abodza? Mwana wathuyu anali pompa, akukuonani mukusenza. Kwathu kuja mbuzi zikuswerana m'chipinda chanu chogona."

Iness anamva kukoma mumtima, kukoma kowawa ngati kwa nachesi losapsa. Anadikira kuti a Osorio aikire kumbuyo mwana wawo, koma nkhalambayo inali isanatsegule pakamwa chifikire. Inatenga foni ija n'kuiika patali ndi maso, monga amachitira anthu amene maso ayamba kufooka.

"Tamutembenuza munthuyu, ndione kumsewu."

Faustino anatembenuza. Magalimoto opserera aja anaoneka, atandanda mpaka kutali.

"Msewu wa ku Tete uwu," anatero a Osorio chapansipansi. "Unkaoneka chonchi. Tabwerera kunyumba kuja."

Anayang'ana khonde. Anayang'ana chitseko. Chala chawo chokhakhala ndi ulusi wa nsapato chinaima pa mtengo wouma uja.

"Uwu unali wa mango, Faustino."

"Mu gemu mulibe mango, tiyu. Ndinapeza wouma wokhawu."

"Mizati iwiri. Chitseko kuyang'ana kuphiri. Mgolo pakona, pamene amayi ako ankakinga madzi a mvula." Anatsitsa foni pabondo. "A Masauko, iyi ndi nyumba ya bambo ake a mwanayu. Waimanga monga inalili. Inatenthedwa tsiku limene tinathawa, iye akuonera m'munda wa mapira, ine nditamutseka pakamwa. Bambo ake anabwerera kuti akatulutse mbuzi m'khola. Sanatipezenso."

Kumsewu thiraki ina inalira, n'kudutsa. A Masauko anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

Iness anayang'ana mwamuna wake, amene tsopano anali ataweramira pansi, ndipo chisoni chinayamba kumukwera. Akanatha kudzuka n'kukamugwira paphewa. Koma pansi pa chisonicho panali chinthu china chotentha, ndipo chinakwera mofulumira kuposa chisonicho. Anakumbukira madzulo aja, mawu otsika aja, zala zili chete pa foni.

"Leila akudziwa zimenezi?"

"Mayi a Rozina..."

"Ndafunsa."

"Akudziwa. Nayenso kwawo anathawa ali mwana. Tinkadutsa pa magalimoto opsawo, iye n'kunena zake, ine n'kunena zanga. Zinangobwera. Munthu amene sukumuona nkhope savuta kumuuza."

"Ndiye yalakwa ndi nkhope yangayi."

"Sindinatero."

"Ndakuchapirani, ndakuberekerani mwana, ndakufunsani za kwanu mpaka kutopa. Mumati zinapita. Kani zinapita ku Beira."

"Apongozi," anatero a Osorio mofatsa, "chilonda china munthu amachita nacho manyazi pakhomo, amakachivundukula kwa sing'anga wakutali."

Iness sanakweze maso, poti anali kuyankha munthu wamkulu. "Ndamva, tiyu. Koma sing'anga saika mafuwa."

A Masauko anatsokomola. Mlandu unali utawasinthira m'manja, ndipo anafuna kuutseka msanga usanakule. "Basi, chinthuchi chichoke mu foni. Afufute zonse, nyumba, mkazi, agalu omwe."

"Ayi," anatero a Osorio. "Nyumba imeneyi inapsa kale kamodzi. Ine ndisaionenso ikutha kachiwiri."

Akuluakulu awiriwo anayang'anizana, aliyense atagwira pake. Ndipo Iness anadabwa kupeza kuti nayenso sankafuna kuti igwe. Ankaida nyumbayo, ankadana ndi moto wake, koma tsopano anali atadziwa kuti khonde limenelo ndi la apongozi ake amene sanawaonepo, agogo ake a Rozina.

"Asagwetse," anatero. "Makoma akhale, mizati ikhale, mtengo ukhale. Koma denga lichoke. Ikhale ngati yanga. Tsiku limene malata adzakwere kwa Nthache, akafolerenso kumeneko."

Faustino anadzutsa mutu. "Mayi a Rozina, kumeneko mvula yake imawotcha. Moto uzima, katundu yense awonongeka."

"Ya kwa Nthache imasisita?"

A Masauko anavalanso chipewa. "Mlandu wadziweruza wokha. A Osorio?"

Nkhalamba ija inagwedeza mutu kuvomereza, n'kupereka foni kwa mwini wake.

Faustino anakweza munthu wake padenga. Lata loyamba linazuka ndi phokoso lenileni la lata, moti nkhuku imene inkatola zakudya pakhondepo inathawa. Lachiwiri. Lachitatu. Ankawatsitsa n'kuwasanja pambali pa mgolo, bwinobwino, ngati munthu amene akudziwa kuti adzawafunanso. Iness anasendera pafupi kuti aone lililonse likutsika.

Ali pakati pa ntchitoyo, pakamtunda paja panatulukira munthu wina, wovala chijasi chachikasu ndi chophimba kumaso chokhala ndi mphuno ngati ya nkhumba. Anaima pafupi ndi moto n'kuyang'ana kudenga. Mawu otsika aja anamveka mu foni.

Faustino anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma Iness anamudula. "Tiyu ndi amene ayankhule. Inu zulani."

"Akufunsa ngati wapenga," anamasulira a Osorio.

Iness anati, "Muwauze kuti mwini wake wa mmisiriyu wabwera. Muwauzenso kuti kwathu nyumba ilibe denga."

A Osorio anayandikitsa pakamwa pa foni n'kuyankhula Chipwitikizi chawo chakale, chapang'onopang'ono, ngati akupereka malonje pamaliro. Kenako mkazi uja anayankha, mawu ake osakwiya, ndipo pomaliza anaseka pang'ono.

"Akuti samadziwa. Akuti akanadziwa akanamuthamangitsa yekha pamalopo. Akuti ndikupatseni moni, ndipo mwachita bwino."

Iness akanakonda mkaziyo atatukwana. Akanakonda atalira, kapena atanyoza, kuti naye apeze pogwira. Koma uyu anali kupereka moni. Choipa kwambiri, wa chijasi chachikasu uja anakwera padenga n'kuyamba kuthandiza kuzula, ndipo awiriwo ankagwira ntchito mogwirizana osauzana kanthu, wina akazula wina kulandira. Iness analuma mlomo.

Lata lomaliza litatsika, thambo la ku Phulusa linayamba kuda, kenako kubiriwira. Madontho anagwa m'zipinda zopanda denga. Moto uja unalilima, unachepa, unazima, n'kutsala kautsi kopyapyala pakati pa miyala. Iness anakayang'anitsitsa kautsiko mpaka kanatha. Ankayembekeza kuti mtima uzizira nthawi yomweyo. Unazizira theka lokha.

Loweruka lotsatira anapita onse awiri kwa Nthache, Faustino atanyamula tepi yoyezera kuti adziwe mitengo ya denga imene ifunike. Atafika, Faustino anathamangitsa mbuzi, anazula bonongwe m'chipinda chogona, anakwera pakhoma n'kuyeza uku ndi uku. Atatsika anaima pakhomo, manja m'chiuno, akuyang'ana kunja.

"Chitsekochi tinachiika molakwika," anatero, ngati akudziyankhulira. "Kwathu chinkayang'ana kuphiri."

"Kuno phiri lili kuti?"

Analoza chakumadzulo, kumene mapiri a kumalire amaoneka obiriwira motuwa. "Ndi omwewo. Ife tinkawaonera mbali inayo." Anatsitsa dzanja, n'kupitiriza. "Bambo ankakhala pakhonde ndi wailesi yawo yakufa, kuitsegula, kuitseka, tsiku lililonse. Sinalirepo. Mango akagwa padenga ankati ndi wailesi yayamba."

Iness anatuluka, kuzungulira kuseri kwa nkhokwe ya amayi ake, n'kukankha zinyalala ndi phazi. Miyala yake inali pomwepo, itamera ndere. Ananyamula woyamba pamutu, kukautula pakati pa chipinda chachikulu. Anabwerera wachiwiri. Akunyamula wachitatu, amayi ake anatulukira pakhomo pawo, lichero lili m'manja.

"Iwe Iness, mafuwa denga lisanakwere? Zinayamba zachitikapo kuti?"

"Zayamba lero, amayi."

"Anthu akaona utsi ati chiyani?"

"Ati pali mayi."

Anaisanja miyalayo, kuisuntha pang'ono, kuiyesa ndi dzanja kuti ikhale molingana. Anatola zitsononkho ndi timitengo touma, n'kukapala khala la moto kukhitchini kwa amayi ake. Faustino anali atakhala pa njerwa zotsala pakona, akumuyang'ana, ndipo nkhani inali ikutulukabe yokha: za khola la mbuzi, za chitsime cha kumunsi, za munda wa mapira umene unali wautali kuposa iye.

Iness anagwada n'kuuzira. "Izi munamuuza uja?"

"Ndinamuuza."

"Za wailesi?"

"Nazonso."

Anauziranso, mwamphamvu kuposa mmene pankafunikira, phulusa n'kumuwulukira kumaso. Lawi linagwira chitsononkho chimodzi, n'kulumphira china.

"Zimenezo zilumpheni, ndidzazimva tsiku lina. Yambirani pamene iye sanamve."

Mbuzi imodzi inasuzumira pakhomo n'kubwerera. Faustino anatembenuza tepi ija m'manja, kuikoka, kuibweza.

"Faustino ndi dzina la kutchalitchi," anatero potsiriza. "Amayi anali ndi lina limene ankandiitanira madzulo, ndikachedwa kudambo. Chiwolokereni palibe amene ananditchulapo. Ngakhale tiyu anaiwala."

"Sendezani njerwayo kuno. Nenani chapansipansi, amayi ali panja."

Iye anasendeza. Utsi unakwera molunjika pakati pa makoma, popeza kumwamba kunalibe chouletsa, ndipo unaonekera mudzi wonse.